Ntchito ya kalabu ya galimoto zakale poteteza nambala ya galimoto yogona m'galaja

Ku Britain galimoto yakale ikhoza kugona m'galaja zaka makumi atatu, chitseko chili chokhoma ndipo makiyi ali m'manja mwa mwiniwake, koma n'kulandidwa chinthu chimene chimaipatsa mtengo weniweni, chomwe ndi nambala yake pamodzi ndi mbiri yonse yolembedwa pa nambalayo. Wolanda wa mtundu umenewu sathyola loko ndipo sabwera ndi lole usiku. Iye amangofuna kudziwa nambala ya pamsewu ndi nambala ya chasisi, imene fakitale inapatsa galimotoyo poipanga, kenako n'kudzaza fomu yopita ku DVLA, bungwe la boma limene limasunga kaundula wa galimoto ku Swansea. Ndemanga ino ndi ya ntchito imene makalabu a galimoto zakale amagwira pothandiza anthu kuti nambala ikhalebe pa galimoto yake yeniyeni, ndipo ndikuilemba nditathandizidwa ndi kalabu ina yosamalira galimoto za mitundu yosiyanasiyana, imene sinditchula dzina lake chifukwa zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo. Galimotoyo ndi Morris Minor 1000 ya 1961, imene ndinagula kwa ana a mwiniwake woyamba bambo awo atamwalira, ndipo inali itasiya kuyenda pamsewu chaka cha 1980 chisanafike. Maganizo anga ndi akuti ntchitoyi ndi yoyenera ndalama zake, koma mphamvu yake yonse ili pa kuifunafuna mlandu usanabuke, pakuti munthu wina akatsogola kulembetsa nambala yanu, kalabu imatsala ndi zochepa kwambiri zimene ingakuchitireni.

Chinthu choyamba chimene mkulu woyang'anira za makalata ku kalabuko anandiuza kuti ndichite chinali chaulere, ndipo sichinatenge nthawi: kulemba nambala ya galimotoyo pamalo ofufuzira galimoto amene boma linaika pa intaneti. Pamenepo pamaoneka kampani imene inapanga galimotoyo, utoto wake, ngati inalipiridwa msonkho kapena inalengezedwa kuti sikuyenda pamsewu, komanso tsiku limene chikalata chomaliza cha V5C, chimene DVLA imapereka kwa wosunga galimoto wolembedwa mu kaundula, chinatulutsidwa. Mkuluyo anandifotokozera kuti yankho la pamenepo ndi limene limagawa njira pawiri, chifukwa galimoto imene ili kale mu kompyuta ya ku Swansea ili ndi vuto losiyana ndi la galimoto imene mulibe dzina lake. Yanga inali ya gulu lachiwirili, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya kaundula. Kuyambira pa 1 Januwale 1904 manambala ankaperekedwa ndi makhonsolo, iliyonse ndi zilembo zake, ndipo patapita nthawi mwini galimoto aliyense ankakhala ndi kabuku ka pepala lolimba, kopindapinda, kamene anthu amakatchula kuti logbook. Boma linayamba kusamutsira makaundula onsewo mu kompyuta mu 1974, ndipo linatseka khomo kumapeto kwa Novembala 1983. Galimoto zimene zinkayenda zinalowa mu kompyuta pamene eni ake ankalipira msonkho, koma zimene zinali zitagona kale m'magalaja ndi m'nkhokwe za m'mafamu zinatsala kunja ngati eni ake sanalabadire chidziwitsocho.

Galimoto yotsala kunja chonchi ili pangozi m'njira imene anthu ambiri saiganizira. Umboni wa nambala yake uli pa mapepala akale okha, ndipo mapepala amasiyana ndi galimoto mosavuta: nyumba ya womwalira ikamayeretsedwa, kabuku kaja kamapita m'katoni limodzi ndi makalata ena, n'kukapezeka pa msika wa zipangizo zakale za galimoto, kumene timabuku totere ndi timbale ta nambala ya chasisi timagulitsidwa ngati zokumbukira zakale. Amene wagula kabukuko ali ndi theka la zimene zimafunika kuti apemphe nambalayo, ndipo theka linalo ndi galimoto ya mtundu womwewo yopanda mapepala, kaya yobedwa kaya yolumikizidwa kuchokera ku zidutswa za galimoto zingapo. Chokopa chilipo ndithu. Manambala operekedwa chaka cha 1963 chisanafike alibe chilembo chosonyeza chaka, ndipo otere amafunidwa. Mu 2014 nambala ya 25 O inagulitsidwa pa mtengo woposa mapaundi 500,000. Koma ngakhale nambala wamba imene palibe angailimbirane ili ndi phindu kwa munthu wachinyengo, chifukwa galimoto yoposa zaka 40 silipira msonkho wa pamsewu ikalembedwa m'gulu la galimoto zakale, ndipo kuyambira pa 20 Meyi 2018 sikakamizidwanso kupita ku mayeso a chaka ndi chaka a MOT ngati sinasinthidwe kwambiri. Choncho munthu akapezera galimoto yake yokayikitsa mbiri ya 1961, waipezera mtengo wabwino, waichotsera msonkho, komanso waichotsa pamaso pa oyesa amene akanatha kuona kuti manambala sakugwirizana.

Njira yobwezera nambala yoyambirira pa galimoto yotere imadziwika ndi dzina la fomu yake, V765. Fomuyi imatumizidwa pamodzi ndi ina ya V55/5, chithunzi chatsopano cha galimotoyo, ndi umboni wakale wolumikiza galimoto ndi nambala, ndipo iyenera kuvomerezedwa ndi kalabu imene ili pa mndandanda wa DVLA wotchedwa V765/1. Apa ndi pamene ntchito ya kalabu yagona. Kuchokera pamene maofesi 39 a DVLA a m'zigawo anatsekedwa mu 2013, palibe kauntala imene munthu angapiteko ndi kabuku kake m'manja n'kulankhula ndi wogwira ntchito maso ndi maso, ndipo mlembi wa ku Swansea amadalira kwambiri siginecha ya munthu wa ku kalabu amene waona galimoto ndi mapepala ake. Kalabu imene inandithandiza inafuna kuona mapepala enieni, osati zithunzi za pafoni, ndipo itawaona inapanga makope, n'kuwadinda chidindo chotsimikiza kuti ndi ofanana ndi enieniwo, kenako n'kundibwezera anga. Zimenezi ndinaziyamikira kwambiri, chifukwa kabuku ka 1961 kakasochera mu positi palibe ofesi imene ingakupatseni kena, ndipo mkuluyo anandichenjeza mobwerezabwereza kuti ndisalole kuti kachoke m'manja mwanga popanda chifukwa chomveka.

Gawo limene linandikhutiritsa koposa linali la kuyendera galimoto. Woyenderayo anali bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ya umakaniko, ndipo anabwera ndi tochi, kagalasi kakang'ono ka pa ndodo, nsalu, ndi burashi ya waya wofewa. Sanayambe ndi mapepala. Anatsegula boneti n'kuyang'ana kambale ka nambala ya chasisi kamene kali pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, ndipo chimene anachedwa nacho sichinali manambala okha koma zomangira zake: ankafuna kuona ngati zili ndi msinkhu wofanana ndi chitsulo chozungulira, ngati utoto wa m'mphepete unasokonezedwapo, ndiponso ngati pali timabowo tina tosonyeza kuti pamalopo panakhalapo kambale kena. Atatero anapukuta mafuta ouma pambali pa injini mpaka nambala yake inaoneka, n'kutsimikiza kuti ndi injini ya 948cc imene galimoto za chaka chimenecho zinkakhala nayo. Kenako anandionetsa zinthu ziwiri zimene sindikanaziganizira. Pa magalasi a Triplex pali timadontho ting'onoting'ono pafupi ndi zilembo za dzina la kampaniyo, ndipo malo a timadonthoto amasonyeza nthawi imene galasilo linapangidwa. Pa kamota ka kampani ya Lucas koyendetsa zopukutira galasi pali manambala odindidwa osonyeza mwezi ndi chaka. Zonsezi zinagwirizana ndi chaka cholembedwa m'kabuku. Iye anafotokoza kuti munthu wachinyengo amasintha kambale ka chasisi chifukwa n'kosavuta kuchotsa, koma sakhala ndi nthawi yosintha magalasi onse ndi tizipangizo tonse ta magetsi kuti tinene chaka chimodzi. Pomaliza anajambula chilichonse, n'kulemba lipoti lalifupi lokhala ndi tsiku ndi siginecha.

Lipoti limenelo ndimaliona kukhala lamtengo wapatali kuposa siginecha ya pa fomu, ngakhale kuti fomuyo ndi imene ndinapitira. Ndi umboni wa munthu wachitatu, wodziwa ntchito yake, wonena kuti pa tsiku lakuti galimoto ya nambala ya chasisi yakuti inali pamalo akuti, m'manja mwa munthu wakuti, ili ndi zizindikiro zake zonse zoyambirira. Mwini galimoto akhoza kujambula yekha zithunzi zambirimbiri, koma mlandu ukabuka mawu ake amayesedwa pa sikelo imodzi ndi mawu a wotsutsana naye, pamene lipoti la woyendera wa kalabu yovomerezeka limalemera mosiyana.

Pa nkhani ya umboni wakale kalabuyo inachita chilungamo chimene ndiyenera kuchitchula. Ndinafunsa ngati ndigule satifiketi ya ku British Motor Museum ku Gaydon, kumene kumasungidwa mabuku a fakitale ya Morris ndi makampani ena, poganiza kuti imeneyo ndi imene idzamalize nkhani yonse. Anandiyankha kuti satifiketiyo ndi yabwino potsimikiza tsiku limene galimoto inapangidwa, nambala ya chasisi ndi utoto woyambirira, koma kawirikawiri sitchula nambala ya pamsewu, chifukwa nambalayo inkaperekedwa ndi khonsolo galimoto itachoka kale ku fakitale. Chimene V765 imafuna ndi pepala lakale limene nambala ya pamsewu ndi galimotoyo zakumana, monga kabuku kaja, satifiketi yakale ya MOT, timapepala tozungulira ta msonkho timene tinkamatidwa pa galasi mpaka mu 2014, kapena tsamba la kaundula wa khonsolo ngati linapulumuka, popeza makaundula a madera ena ali m'nyumba zosungira zakale ndipo a madera ena anawonongedwa. Kabuku kanga kanali ndi zidindo za msonkho zotsatana bwino komanso nambala ya chasisi yowerengeka, motero anandiuza kuti satifiketi ya ku Gaydon ndikhoza kuigula chifukwa choikonda, koma pempho langa silikuidalira. Wopereka ntchito amene amakuuzani zimene simufunika kulipira ndi woyenera kumukhulupirira pa zimene wanena kuti n'zofunika.

Chikalata cha V5C chitafika, chinali ndi mawu onena kuti nambalayo singasamutsidwe kupita pa galimoto ina. Kalabu inali itandiuziratu zimenezi, ndipo ndi lamulo la nambala iliyonse yobwezedwa kudzera mu V765. Alipo amene amadandaula kuti lamuloli limawamana mwayi wogulitsa nambala payokha, koma ine ndikuliona ngati mbali ya chitetezo, chifukwa nambala imene singachoke pa galimoto sikopa ochita malonda a manambala, ndipo chotsala n'kudziteteza kwa ofuna kuba mbiri yonse. Anandiuziratunso zimene zikanachitika umboni ukanaperewera: galimoto ikanapatsidwa nambala ina yogwirizana ndi zaka zake, ndipo ngati ngakhale zaka zakezo zikanakayikitsa, ikanapatsidwa nambala yoyamba ndi Q, imene kuyambira mu 1983 imaperekedwa kwa galimoto zosadziwika bwino chiyambi chake ndipo imatsitsa mtengo wa galimoto kwambiri. Kumva zimenezi ntchito isanayambe kunandithandiza kulipira ndikudziwa chimene ndikugula, chomwe ndi kuyesa koyenera, osati lonjezo la zotsatira.

Kulowa mu kompyuta sikumaliza ngozi, kumangoisintha maonekedwe, ndipo gawo ili likukhudza aliyense amene galimoto yake ili kale ndi V5C koma yagona zaka zambiri. Chikalatachi chimanena chokha pa tsamba loyamba kuti si umboni wa umwini. Chimangosonyeza wosunga galimoto wolembedwa, amene boma limamufunsa za msonkho ndi milandu ya pamsewu. Pa chifukwa chimenechi pali fomu ya V62, imene munthu wogula galimoto yopanda chikalata amadzaza n'kulipira mapaundi 25 kuti apatsidwe V5C m'dzina lake. Fomuyi inapangidwira anthu oona mtima, koma wachinyengo akhoza kuidzazanso ngati akudziwa manambala awiri aja, ya pamsewu ndi ya chasisi. Chotchinga chachikulu ndi kalata imene DVLA imalembera wosunga wolembedwa pofuna kumva ngati anagulitsadi galimotoyo, ndipo kalatayo imapita ku adiresi imene ili mu kaundula. Ngati munasamuka zaka khumi zapitazo osasintha adiresi ya galimoto yogonayo, kapena ngati dzina lolembedwa ndi la kholo limene linamwalira, kalatayo imagwera m'nyumba ya anthu ena, palibe woyankha, ndipo pempho la mlendo likhoza kupitirira popanda wotsutsa. Mkulu wa ku kalabu ananena mosapita m'mbali kuti chitetezo chachikulu cha galimoto yogona ndi adiresi imene makalata amawerengedwa. Kusintha adiresi pa V5C n'kwaulere, kusasintha kungabweretse chindapusa chofika mapaundi 1,000, ndipo anthu ambiri amalakwa poganiza kuti akasintha adiresi pa laisensi yoyendetsera ndiye kuti ya galimoto yasinthanso yokha, chikhalirecho ndi makaundula awiri osiyana.

Za SORN, chilengezo chakuti galimoto sikuyenda pamsewu, anandilangiza kuti ndichite chikalata chikangofika, ndipo ndinachita pa intaneti ndi nambala ya madijiti 11 ya pa V5C popanda kulipira kanthu. Chilengezochi chinayamba pa 31 Januwale 1998, ndipo galimoto zimene zinasiya kulipiridwa msonkho tsikulo lisanafike sizinakakamizidwe kukhala nacho, zomwe zikutanthauza kuti pali galimoto zambiri zimene kaundula wake sanakhudzidwe kwa zaka zoposa makumi awiri. Kaundula wachete chonchi ndi amene wachinyengo amamukonda, chifukwa amaoneka ngati wa galimoto imene inaphwasulidwa kalekale. Komabe apa ndiyenera kuwonjezera chenjezo limene kalabu inalinena mothamanga kwambiri. SORN si loko. Siletsa munthu wina kutumiza V62, ndipo kuyambira mu Disembala 2013 sichitidwanso chaka ndi chaka, motero palibe kalata ya pachaka imene ingakukumbutseni kuti adiresi yanu yatha ntchito. Phindu lake ndi lakuti imasonyeza kuti wosunga alipo ndipo amalabadira. Chimene chimagwira wakuba msanga ndi chizolowezi chofufuza nambala yanu pa intaneti mwezi ndi mwezi, n'kuyang'ana zinthu zitatu: ngati tsiku la V5C yomaliza lasintha inu musanapemphe chikalata, ngati galimoto imene ili pa matabwa m'galaja mwanu ikuoneka kuti yalipiridwa msonkho, kapena ngati utoto wolembedwa wasintha. Chimodzi mwa izi chikachitika, lemberani DVLA tsiku lomwelo ndipo kanenenso kupolisi.

Malangizo ena anali afupiafupi koma othandiza. Musaike pa intaneti chithunzi cha V5C, chifukwa nambala ya madijiti 11 ija ndi kiyi wa ntchito zambiri za pa kompyuta, ndipo musaike chithunzi cha kambale ka chasisi pamodzi ndi nambala ya pamsewu, ngakhale pofunsa anzanu za zipangizo. Musasunge chikalata m'galimoto momwemo. Ngati galimoto ikusungidwa pamalo a munthu wina, kaya ku galaja ya malonda kaya m'nkhokwe ya mnzanu, pakhale pangano lolembedwa lotchula mwini galimoto, nambala ya chasisi ndi malipiro, chifukwa milandu yambiri sichokera kwa mbava zachilendo koma kwa mwini malo watsopano amene wapeza galimoto yafumbi n'kuganiza kuti inatayidwa, kapena kwa wosunga amene akuti sanalipidwe. Popeza V5C si umboni wa umwini, umwiniwo uyenera kukhala ndi fayilo yakeyake: lisiti yogulira yokhala ndi mayina, tsiku ndi nambala ya chasisi, umboni wa ku banki wosonyeza malipiro, ndipo ngati galimoto inachokera ku chuma cha masiye, kalata ya amene anapatsidwa mphamvu yogawa chumacho. Pa galimoto yanga kalata yomalizayi inali isanalembedwe, ndipo kalabu inandilimbikitsa kuipempha ana a malemuwo akadali okumbukira bwino zimene tinagwirizana.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse. Choyamba ndi kuchedwa. Ntchito yonse ya makalata inali pa mapewa a munthu mmodzi wodzipereka, ndipo iye atachokapo kwa kanthawi panalibe wina woyankha kapena wondiuza pamene pempho langa lafika. Kwa munthu amene akubwezeretsa galimoto mwapang'onopang'ono kuchedwa kotere n'kopiririka, koma kwa amene walandira kalata yonena kuti wina akupempha chikalata cha galimoto yake, sabata iliyonse ndi yofunika, ndipo kalabu yolandira ndalama pa ntchitoyi iyenera kukhala ndi wachiwiri wogwirizira. Chachiwiri, malangizo onse abwino amene ndafotokozawa ndinawalandira pakamwa, ena pafoni ndipo ena tili chiimire pafupi ndi galimoto, moti amene sanafunse mafunso ngati anga akhoza kuchoka ndi chikalata m'manja osamva chilichonse za V62. Tsamba limodzi lolembedwa bwino, loperekedwa kwa aliyense pamodzi ndi makope odindidwa, likanathetsa vutoli. Chachitatu, za inshuwaransi ya galimoto yogona sanazitchule mpaka nditafunsa. Lamulo silikakamiza inshuwaransi pa galimoto ya SORN, koma makampani ena amapereka yoteteza ku moto ndi kuba galimoto ili m'galaja, ndipo mapepala ake a chaka ndi chaka amasanduka umboni wina wosonyeza kuti galimotoyo inali m'manja mwanu nthawi yonseyi. Mfundo yotere siyenera kudikira kuti munthu aifunse.

Palinso malire amene si vuto la kalabu, koma amene ndikanakonda kuti azinenedwa momveka pachiyambi. Kalabu si khothi ndipo si apolisi. Ngati munthu wina ali kale ndi V5C ya nambala yanu, kalabu ikhoza kuyendera galimoto yanu, kulemba lipoti, ndi kulembera ku Swansea, koma singalamule kuti chikalata cha winayo chifafanizidwe. DVLA ikhoza kufufuza kuti idziwe galimoto yeniyeni mwa ziwirizo, koma siweruza mkangano wa umwini, umene ndi wa makhothi, ndipo pamenepo wofunika ndi loya. Zimavuta kwambiri ngati galimoto yonamizirayo inagulitsidwa kale kwa munthu wosalakwa amene naye ali ndi malisiti ake, chifukwa tsopano anthu awiri oona mtima akulimbirana nambala imodzi pamene wachinyengo anapita kale ndi ndalama. N'chifukwa chake ndikuumirira kuti ntchitoyi ndi yofunika kuifuna zinthu zili phee.

Funso limodzi limene eni galimoto ambiri amafunsa ndi lakuti kodi si bwino kungochotsa nambala pa galimoto n'kuisunga pa satifiketi. Njirayo ilipo kwa manambala amene amaloledwa kusamutsidwa: munthu amalipira mapaundi 80, n'kulandira chikalata cha V778 chokhala zaka 10, ndipo galimoto imapatsidwa nambala ina. Koma ili ndi zofunika zimene galimoto yogona nthawi zambiri sikwanitsa, monga kutha kuyenda ndi injini yake, kupezeka kuti iyenderedwe, ndi kukhala ndi msonkho kapena SORN mosadukiza kwa zaka zisanu zapitazo. Kalabu sinandilimbikitse njirayi, ndipo ndikugwirizana nayo ngakhale kwa amene nambala yawo ingasamutsidwe. Kuchotsa nambala kumateteza zilembo zokha, koma kumadula ulusi wolumikiza galimoto ndi kabuku kake, zidindo zake ndi zithunzi zake zakale, pamene nambala ya chasisi, imene wachinyengo angaigwiritsebe ntchito, imakhala poyera monga kale. Njirayi ili ndi nzeru pokhapokha pamene nambala ili ya mtengo woposa wa galimoto yomwe.

Za malipiro ndinene kuti anali ochepa poyerekeza ndi zimene zikutetezedwa. Panali ndalama ya kalabu, yotsikirapo kwa mamembala, ndi ndalama ya ulendo wa woyendera, ndipo zonse anazitchula ntchito isanayambe popanda zowonjezera zobwera pambuyo. Ntchitoyi ndi yofunika kwenikweni kwa aliyense amene galimoto yake sikupezeka mu kompyuta ya DVLA, chifukwa popanda kalabu fomu ya V765 siyenda. Kwa amene ali kale ndi V5C m'dzina lawo ndi pa adiresi yolondola, zambiri akhoza kuzichita okha kwaulere, komabe ndingawalangize kulipira ulendo umodzi wa woyendera kuti akhale ndi lipoti la tsiku lodziwika. Posankha kalabu, onetsetsani kuti ili pa mndandanda wa V765/1 ndipo imadziwa mtundu wa galimoto yanu. Federation of British Historic Vehicle Clubs, imene imaimira makalabu ambiri otere pokambirana ndi boma, ndi malo abwino oyambira kufunsa. Funsani ngati woyendera amabwera kudzaona galimoto ndi maso ake, funsani amene amagwirizira ntchito mkulu wa makalata akachoka, ndipo pemphani kuti kope la lipoti likhale lanu. Kalabu imene ikuvomera kusayina fomu itangoona zithunzi zotumizidwa pafoni muikane, chifukwa ikhoza kusayinira chimodzimodzi munthu amene anagula kabuku ka galimoto yanu pa msika.